Nyimbo ndi Phunziro Lachiwiri: Kodi Mwana wa M'komboni Angasenze Zonse?

Zotsatira za mayeso a Giredi 12 zikatuluka, m'nyumba zina za ku Matero, Chawama, Kanyama ndi George mumabuka nkhani yosatha usiku umodzi. Mwana amene wakhala akuimbitsa kwaya ya achinyamata, kapena kuliza kiyibodi ku tchalitchi kuyambira ali Giredi 7, wakhoza bwino, ndipo akuti akufuna kukaphunzira nyimbo. Atate amafunsa m'chilankhulo cha m'tauni: "Manje uzadya nyimbo?" Amai, amene amalawirira ku msika wa Soweto mbandakucha kukaoda tomato, sanena zambiri, koma amadziwa kuti ndalama ya fomu ichokera pa mfundo ya chitenje chawo. Kenaka amalume kapena mkulu wa mpingo amabwera ndi mawu oyanjanitsa: "Achite zonse ziwiri. Nyimbo atenge, koma aonjezerepo china chogwirika."

Malangizowa amakoma m'khutu chifukwa aliyense amachoka pabwalo atapatsidwa kake. Ine ndimagwirizana nawo, koma osati pa chifukwa chimene amalume amapereka. Ndipo ndimaona kuti amaperekedwa mopepuka, ndi anthu amene sadzasenza katunduyo.

Tiyambe ndi kusiyanitsa zinthu zimene zimasakanizidwa. Ku America, komwe nkhaniyi imakambidwa kwambiri, wophunzira angatenge digiri imodzi yokhala ndi maphunziro akuluakulu awiri n'kumaliza m'zaka 4, kapena angatenge madigiri awiri enieni, ya nyimbo ndi ya phunziro lina monga sayansi kapena mbiri yakale. Ku Oberlin, m'chigawo cha Ohio, njira ya madigiri awiriyi imatenga zaka 5. Sukulu ya nyimbo ya Bard College ku New York, yomwe inatsegulidwa mu 2005, inachita kuika lamulo kuti wophunzira wake wa digiri yoyamba atengenso digiri ina pambali, zaka 5 zomwezo. Chaka chachisanucho chikutiuza kanthu. Sukulu zokhala ndi zipinda zambiri zoyeserera, magetsi osazima ndi ana ogonera pomwepo zinaona kuti zaka 4 sizikwanira ntchito ziwirizi. Tizikumbukira zimenezi tikamalangiza mwana wa ku George.

Kwathu kuno kuphatikizaku kunalowera khomo lina, la uphunzitsi. Mphunzitsi wa ku sekondale amakonzekeretsedwa maphunziro awiri oti akaphunzitse, lalikulu ndi laling'ono, chifukwa sukulu siifuna kusunga munthu wa phunziro limodzi lokhala ndi mapiriyodi ochepa pa sabata. Evelyn Hone College, ya pa Church Road, yomwe inatsegulidwa mu 1963 n'kupatsidwa dzina la bwanamkubwa womaliza wa Northern Rhodesia, ndiyo yatulutsa aphunzitsi ambiri a nyimbo m'dziko muno, ndipo dipuloma yake ya uphunzitsi yakhala ikumanga nyimbo pamodzi ndi Chingerezi. Yunivesite ya Chalimbana ku Chongwe ndi ya Rusangu ku Monze nazonso zimaphunzitsa nyimbo. Ku Malawi, pa yunivesite ya ku Zomba, wophunzira wa Humanities amatenga nyimbo pambali pa maphunziro ena, pomwe MUST ku Thyolo ili ndi digiri ya African Musicology.

Choncho mwana wa m'komboni akapita kukaphunzira nyimbo, kawirikawiri amapeza kuti phunziro lachiwiri anamusankhira kale, ndipo ntchito yomudikira ndi ya choko. Kuphatikiza nyimbo ndi udokotala, uinjiniya kapena zamalamulo pa nthawi imodzi si chinthu chimene dongosolo la mayunivesite athu linakonzedwera. Munthu amalowa sukulu imodzi, ya migodi kapena ya zaumoyo, ndipo makosi ake amadzaza sabata yonse. Amene akufuna kuphatikiza kotereku amatsala ndi njira ziwiri. Angatenge digiri inayo n'kumaphunzira nyimbo kunja, ku tchalitchi kapena ku sukulu zolipira monga Ngoma Dolce, n'kumalemba mayeso a magiredi a bungwe la ku London la ABRSM. Kapena angamalize chimodzi n'kuyamba chinzake. Zonsezi ndi "kuchita zonse ziwiri", koma mtengo wake ndi zipatso zake n'zosiyana kwambiri, ndipo banja liyenera kudziwa chimene likuvomereza.

Emanuel "Jagari" Chanda, woimba patsogolo wa gulu la WITCH la ku Kitwe, anayenda njira ya uphunzitsi ija. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, gululo likadali lotchuka, iye analisiya n'kudzaphunzira pa Evelyn Hone, ndipo anaphunzitsa zaka zambiri. Nyengo yotsatirayo inali yowawa kwa oimba. Mtengo wa kopa unali utagwa, lamulo loletsa kuyenda usiku linapha madansi, makaseti okopera anadya msika, ndipo Edzi inatenga oimba ambiri a m'badwo wa nyimbo za Zamrock. Woimba Paul Ngozi, mwana wa ku Chibolya, anamwalira mu 1989 ali ndi zaka 40 zokha. Uphunzitsi unam'patsa Jagari poima pamene siteji inagwa, koma nawonso sunakhale mpaka kalekale, pakuti pambuyo pake anakakumba miyala yamtengo wapatali. Chimene chinadzam'bweza pamaso pa dziko ndi nyimbo zomwe zija, pamene kampani ya Now-Again ya ku America inazitulutsanso mu 2012, ndipo mu 2023 WITCH inatulutsa chimbale chatsopano, Zango. Pa moyo wake n'kovuta kuloza kuti chogwirika chinali chiti. Chilichonse chinagwira pa nthawi yake.

Mwana wa m'komboni safika ku koleji chimanjamanja. Kwaya za RCZ, UCZ, Katolika ndi Adventist zimam'phunzitsa mawu anayi, ndipo ambiri amawerenga do-re-mi wolembedwa pa bolodi asanafike ku sekondale. Mpingo wa New Apostolic umaphunzitsa ana kuwerenga manotsi ndi kuliza vayolini, Salvation Army ili ndi malipenga ake. Pamaliro kwaya imachezera usiku wonse, ndipo mwana amaphunzira kusunga mawu osasasa mpaka kucha. Kuseri kwa tuntemba kuli masitudiyo a chipinda chimodzi, matiresi atakhomedwa kukhoma, kumene anyamata amapanga mabiti pa laputopu yakale. Khutu la mwana wotereyu ndi lakuthwa kuposa la ambiri amene anakulira pa piyano ku Kabulonga. Chimene amasowa ndi cholembera: manotsi a pa mizere isanu, malamulo a kalukidwe ka mawu, mbiri ya nyimbo. Silabasi ya 2013 inatsegula njira ya zaluso ku sekondale, ndipo nyimbo imalembedwa pa mayeso a boma, koma si sukulu iliyonse ya m'komboni imene ili ndi mphunzitsi wake ndi zida zake. Chotero chaka choyamba chimam'lemera kawiri. Akuphunzira kulemba zimene amaimba kale, kwinaku akuphunzira kulemba nkhani zazitali za phunziro lachiwiri m'Chingerezi cha ku yunivesite.

Apa m'pamene pali mutu wa vuto, ndipo vutolo ndi nthawi. Phunziro la m'mabuku limalola ngongole. Ungalekerere milungu iwiri, n'kudzachezera usiku utatu mayeso atayandikira, n'kukhoza. Zala ndi mmero sizilola zimenezo. Woliza gitala, piyano kapena lipenga ayenera kugwira chida chake tsiku lililonse, ndipo maola a Lolemba sangabwezedwe Loweruka. Kuonjezera apo nyimbo siiphunziridwa pawekha pokha. Pali kwaya ya koleji, pali bandi, pali zoyeserera zimene zimafuna kuti anthu khumi apezeke pamalo amodzi nthawi imodzi, ndipo ukajomba wawononga ntchito ya anzako. Maola amenewa pa ndandanda amaoneka ochepa, koma ndiwo amadya masana. Ndiye mayeso a phunziro lachiwiri akayandikira, chimene chimayamba kusiyidwa ndi chida, chifukwa kulephera kwa chida sikuoneka msanga. Kumadzaoneka pa chaka chachitatu, mwana ali ndi magiredi abwino pa pepala koma akuliza monga momwe ankalizira pobwera. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo wovumbwa wa mtundu umenewu amatuluka ndi satifiketi m'manja, n'chifukwa chake palibe amene amamuzindikira.

Tsopano ikani maola amenewa pa mapu a Lusaka. Wa ku Kalingalinga ali ndi mwayi, yunivesite ya UNZA ili pakhomo pake ndipo amangoyenda wapansi. Wa ku Mtendere naye sali kutali. Wa ku Kanyama, Chawama, Matero kapena George amakwera minibasi kufika m'tauni, ndipo ngati sukulu yake ili ku Great East Road amakweranso ina. M'mawa ndi madzulo misewu imadzaza. Nyengo ya dzinja, Kanyama akasefukira, ulendo umayamba ndi kuvula nsapato. Akafika kunyumba, chipinda ndi cha anthu asanu, khoma ndi limodzi ndi la aneba, ndipo lipenga silingalire usiku. Kiyibodi ya banja, ngati ilipo, imafuna malaiti, ndipo aliyense akukumbukira 2024, pamene chilala chinaphwetsa Kariba ndipo makomboni ankakhala mumdima pafupifupi tsiku lonse. Chida chenichenicho nthawi zambiri ndi cha mpingo, chokhomeredwa mu ofesi ya abusa mpaka tsiku la kwaya. Loweruka mwana yemweyo amaliza pa kitchen party kapena pa ukwati kuti apeze ya basi ya sabata yamawa, ndipo Lamlungu mpingo umam'funa kuyambira m'mawa mpaka masana.

Kwa mtsikana katunduyu amaonjezereka. Madzi, mbale ndi ana aang'ono zimam'dikira, ndipo akabwera mochedwa kuchokera ku zoyeserera, pamzere wa nyumba pamayamba manong'onong'o amene mnyamata sawamva. Atsikana ndiwo amadzaza kwaya za m'komboni, koma oliza zida ndi oimbitsa ambiri ndi amuna. Banja limene likuti mwana wamkazi achite zonse ziwiri liyenera kum'chotsera ntchito zina zapakhomo, apo ayi likum'uza kuti achite zitatu.

Za ndalama n'zodziwika, sindichedwapo. Ngongole za ophunzira zimaperekedwa ndi HELSB, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2016, ndipo ngongole imabwezedwa. Chaka chilichonse choonjezera ndi katundu wa mawa. Ndalama ya chakudya ya ophunzira inachotsedwa mu 2019 n'kubwezeretsedwa mu 2023. Thumba la CDF, lomwe linakwera kufika K25.7 miliyoni pa konstityuwensi mu 2022, lili ndi gawo lolipirira achinyamata maphunziro a luso, ndipo khomo lake ndi komiti ya chitukuko ya mu wadi. Kumbali ya ntchito, boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 mu 2022, chaka chomwe maphunziro aulere anayamba, ndipo magulu a asilikali, a ndege zankhondo, a ZNS ndi apolisi ali ndi mabandi awo. Atate aja sakulakwa akamafunsa za kudya. Malipiro a mwezi ndi mwezi a munthu wa nyimbo alipo, koma makomo ake ndi ochepa, ndipo phunziro lachiwiri limaonjezera khomo.

Koma pali ngozi imene siikambidwa. Mphunzitsi wa nyimbo ndi Chingerezi akatumizidwa ku sukulu yopanda ngakhale gitala imodzi, ahedi amam'patsa makalasi a Chingerezi odzaza, ndipo nyimbo imatsala ya pa tsiku la ufulu ndi la alendo. Pakatha zaka zingapo amakhala mphunzitsi wa Chingerezi amene kale ankaimba. Sitingamunene, ana ake akudya. Koma dziko linam'phunzitsa nyimbo kuti ana a ku Chawama aphunzire nyimbo, ndipo zimenezo sizinachitike. Phunziro lachiwiri likasankhidwa ngati pothawira pokha, mapeto ake amakhala amenewa, chifukwa munthu amathawiradi komweko.

N'chifukwa chake ndimasiyana ndi amalume pa chifukwa. Iwo amafuna phunziro lachiwiri kuti lidzagwire mwana nyimbo ikalephera. Ine ndimalifuna chifukwa nyimbo yathu yakhala ikutayika pa malo amene woimba yekha sangatseke. Taonani mbiri. M'zaka za m'ma 1970 Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 mwa 100 za pa wailesi zikhale za m'dziko muno, ndipo makampani monga Teal ndi Zambia Music Parlour ankatulutsa zimbale zambirimbiri. Luso silinasowe. Chimene oimba ambiri analibe ndi munthu wa mbali yawo wodziwa kuwerenga kontirakiti, kusunga mabuku a ndalama ndi kutsata umwini wa nyimbo. Lamulo latsopano la umwini wa ntchito zaluso linabwera mu 1994, ndipo ZAMCOPS imatolera ndalama za oimba, koma lamulo limathandiza amene akulidziwa. Lero mnyamata wa ku Matero amapanga biti, n'kuigulitsa pamtengo wa chakudya cha tsiku limodzi, nyimboyo n'kudzamveka m'minibasi iliyonse dzina lake lisakutchulidwa paliponse. Wophunzira nyimbo amene waphunziranso zamalamulo kapena za maakaunti, ngakhale motsatizana, ndiye munthu amene komboni ikumusowa. Pamene Yo Maps anadzaza Heroes Stadium mu 2023, kuseri kwa siteji kunali ntchito ya odziwa zokuzira mawu, magetsi, matikiti ndi mapangano. Sampa the Great, wobadwira ku Ndola, anakaphunzira uinjiniya wa zojambula mawu ku Sydney asanatchuke, ndipo woimba wodziwa zimene zikuchitika pa makina salamulidwa ndi mwini situdiyo.

Kuphatikiza kumene ndimakukonda koposa ndi kwa nyimbo ndi zilankhulo zathu, kapena ndi mbiri yakale. Msewu umene umadutsa m'mbali mwa Kalingalinga kulowera ku Mtendere uli ndi dzina la Alick Nkhata, amene anagwira ntchito ndi Hugh Tracey yojambula nyimbo za m'midzi asanakhale mawu odziwika a wailesi ya Lusaka; anaphedwa mu 1978 pamene asilikali a Rhodesia anaukira dera la Mkushi. Nkhata anali woimba, mtolankhani ndi wosunga chikhalidwe m'thupi limodzi. Zambiri zimene Tracey anajambula pakati pa Achewa, Ansenga ndi Angoni zikusungidwa ku International Library of African Music pa Rhodes University ku South Africa. Ndani adzazimvetsere n'kumva zining'a zake, n'kuzilemba, n'kuzibwezera kwa ana? Mwesa Mapoma anachita zotere pa nyimbo za ku mafumu a Chibemba, atakaphunzira ku UCLA. Mathew Tembo, woliza silimba ndi kalimba, anapitiriza maphunziro a nyimbo ndi chikhalidwe mpaka ku University of Pittsburgh osasiya siteji. UNESCO inazindikira Gule Wamkulu ndi Makishi mu 2005, Mooba mu 2018, Budima mu 2020 ndi Kalela mu 2022, ndipo kuzindikiridwa kulikonse kumafuna anthu odziwa ng'oma ndi cholembera chomwe. Makomboni a Lusaka ndiwo malo amene zilankhulo zonsezi zimakumana pampopi umodzi. Mwana wokulira pamenepo amamva Chinyanja, Chibemba ndi Chitonga asanalowe Giredi 1. Kwa iye phunziro la zilankhulo silimubera maola a nyimbo, chifukwa ntchito ya kalasi imodzi imadyetsa inzake: nyimbo ya maliro imene akuilemba manotsi ndi yomweyo imene akuisanthula mawu.

Muyeso wanga ndi umenewo. Phunziro lachiwiri likakhala loti limakumana ndi nyimbo panjira, katundu amapepuka ndipo munthu amatuluka ndi luso limene wina alibe. Likakhala la ma labu a masana onse, monga unesi kapena uinjiniya, ndi bwino kunena zoona kuyambira pachiyambi: digiri ndi imeneyo, nyimbo ipitirire kunja ndi mphunzitsi wake ndi mayeso ake a magiredi, pang'onopang'ono koma osaduka. Palibe chamanyazi pamenepo. Madokotala oimbitsa kwaya alipo ndipo mipingo imawadalira.

Palinso mwana amene sayenera kuphatikiza konse. Ndi uja amene chida chinam'gwira, amene atapeza kiyi wa tchalitchi amaiwala nsima. Wotereyu ndi mmodzi mwa ambiri, ndipo aphunzitsi a kwaya amam'dziwa. Woimba Fela Kuti anatumizidwa ku London mu 1958 kuti akaphunzire udokotala, iye n'kukalembetsa ku Trinity College of Music. Si mwana aliyense wokana malangizo amene ndi Fela, ndipo banja la ku Kanyama lilibe chuma chimene banja la Fela linali nacho. Komabe kum'gawa pakati mwana wotere kuti akulu agone tulo n'kumulakwira. Chomuyenera ndi zaka zochepa za nyimbo yokhayokha, kenaka kosi yaifupi ya bizinesi kapena ya makina a situdiyo akadziwa kale chimene akugulitsa.

Makoleji nawo ali ndi gawo lawo, ndipo silifuna ndalama zambiri. Angamvetsere mwana akuliza kapena akuimbitsa asanayang'ane mapointi okha, pakuti zaka 6 za kwaya ya ku Chawama ndi maphunziro enieni ngakhale zilibe chidindo. Angatsegule zipinda zoyeserera m'mamawa ndi madzulo, n'kubwereketsa zida kwa ogonera kunyumba. Madipatimenti awiri angakhale pansi pamodzi pokonza ndandanda, kuti kwaya isagundane ndi kalasi ya phunziro lachiwiri chaka ndi chaka. Mipingo ya m'komboni, imene imakolola luso la anawa Lamlungu lililonse, ingawapatse kiyi wa chipinda cha zida mkati mwa sabata.

Banja lisanalipire fomu, mwana ndi amalume ake apite okha pa koleji, asadalire kapepala kotsatsa. Afunse ngati maphunziro awiri amene akufunawo amaloledwa pamodzi chaka chimenecho, ndi ngati laling'onolo lili ndi makosi okwanira kuti Teaching Council of Zambia ndi olemba ntchito adzalivomereze. Afunse kuti mphunzitsi wa chida amakumana ndi wophunzira payekha kangati pa sabata. Apeze wophunzira wa chaka chachitatu wochokera m'komboni ngati yawo, am'funse kuti amayeserera kuti, ndipo nthawi yanji. Kenaka apemphe kuona zipinda zoyeserera, awerenge zida zimene zikulira, n'kufunsa kuti ophunzira ozigwiritsa ntchito ndi angati. Ngati ola limodzi pa tsiku silingapezeke pa chida, kaya pa koleji, ku tchalitchi kapena kwa mnansi, ndiye kuti nkhani ya chida iyambe yakonzedwa, ya fomu ibwere pambuyo.